Kamera Yolira ya a Namacha

Pa Lirangwe, m'zaka za Chitaganya, munthu akafuna kuona nkhope yake papepala ankapita kwa a Dyton Namacha. Sikuti a Namacha anali katswiri woposa anzawo ayi. Anzawowo kunalibe. Kuchokera ku Chigaru mpaka ku Chileka wojambula zithunzi anali iwo okha, ndipo ukatswiri wa munthu amene ali yekha sutsutsidwa.

Kamera yawo inali chibokosi chathabwa cha miyendo itatu, chokhala ndi nsalu yakuda kumbuyo. Anachipeza kwa mmwenye wina wa ku Limbe amene anamugwirira ntchito yotsuka zithunzi ali mnyamata. Pa tsiku lotsazikana bwanayo anawapatsa chibokosicho n'kunena kuti ndi mphatso, ndipo a Namacha anathokoza chogwada, osadziwa kuti munthuyo ankangosowa kokachitaya. Tsiku la msika ankachiimika pakhonde la Che Bwanali, telala wa pamalopo, n'kupachika bulangete lofiirira pakhoma. Wojambulidwa ankakhala pampando, a Namacha n'kulowetsa mutu m'nsalu muja ngati nkhuku yothawa kabawi, kenaka mawu ankatuluka mkatimo: "Musagwedezeke. Musapume. Musaphethire." Munthu ankauma gwa mpaka atauzidwa kuti akhoza kukhalanso ndi moyo.

Koma chibokosicho chinali chitatopa. Chiswe chinadya mwendo umodzi, a Namacha n'kumangirirapo mpini wa khasu. Thabwa lam'mbali linang'aluka, kuwala n'kumalowera pamenepo, moti aliyense wojambulidwa ankatuluka ndi mzere woyera pachipumi. Amayi ena a ku mvano atadandaula, a Namacha anawauza kuti kumeneko ndi kuwala kwa madalitso, ndipo si aliyense amene kumamutsikira. Amayiwo anapita okondwa. Anadzakwiya Lamlungu, ataona kuti madalitso omwewo anatsikiranso mkulu wina wotchezera kachasu.

Ambiri obwera kudzajambulitsa anali amuna ofuna zitupa zaulendo, opita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Pamenepa ndi pamene nkhani inavutira. Tsiku lina m'chaka cha 1957, amuna atatu a ku Chigaru anabwera ali thukuta kamukamu, zithunzi zawo zili m'manja. Kalaliki wa kuboma anali atawabweza, ati munthu mmodzi sangatenge zitupa zitatu. A Namacha anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, akufuna kuti atsutse, koma ngakhale iwo sanathe kudziwa kuti wamtali ndi uti, wadazi ndi uti.

"Achimwene," anatero Che Bwanali osakweza mutu pa makina awo osokera, "bokosi lanuli lakalamba. Likungokumbukira nkhope imodzi imene linaiona kale, ndiye likumapatsa aliyense."

Madzulo ake mkazi wawo, a Getrude, sanazungulire. Anati pali mbuzi ziwiri zoti zikhoza kugulitsidwa, ndipo anthu sadzasiya kupita ku Joni podikira kuti a Namacha amange mpini wina. Mbuzizo zinapitadi, ndipo Loweruka lotsatira awiriwo anakwera basi ya ku Blantyre, ndalama atazimanga pa mpango m'chiuno mwa a Getrude, chifukwa iwo ankawadziwa amuna awo.

Anayambira ku sitolo ya azungu, poti a Namacha anati munthu wa ntchito ngati yawo sayambira pansi. Masiku amenewo munthu wakuda pa sitolo ngati imeneyo ankagulira pa kazenera kam'mbali, pafupi ndi pamene ankatayira makatoni. Anaima pamenepo mpaka kunatulukira mutu wa wogulitsa, munthu wakuda mnzawo, wovala malaya oyera ndi nkhope ya munthu amene mapaundi onse a m'sitolomo ndi ake. A Namacha analoza kamera ina imene inali pashelefu, yonyezimira ngati ndalama yatsopano, n'kupempha kuti aigwireko.

"Kugwira n'kugula, bambo," anatero wogulitsayo, kenaka anatchula mtengo.

A Namacha anagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu amene akulingalira. Mumtima ankasandutsa mtengowo mbuzi, ndipo mbuzizo zinadzaza msewu wonse mpaka kukafika pa siteshoni ya sitima.

"Diso lake landichepera," anatero, n'kutembenuka.

Kumunsi kwa tauni, m'sitolo ya mmwenye momwe ankagulitsa maambulera, singano ndi nyali, anapezamo kamera ina. Kanali kabokosi kakuda, kosalala, kopanda miyendo, kopanda nsalu, kokhala ndi kabatani kamodzi. Mtengo wake sunafike ngakhale pa mbuzi imodzi. Mwini sitolo anawaonetsa kaikidwe ka filimu, nati filimu imodzi imatulutsa zithunzi zisanu ndi zitatu, ndipo amagulitsa pomwepo nthawi zonse. A Getrude anakanyamula, n'kukagwira pamimba monga anawauzira, n'kusuzumira pa kagalasi kapamwamba. Anaonamo amuna awo ataima pakhomo, aang'ono ngati chala.

"Bambo a Lily, mukuoneka bwino mukachepa," anatero. "Tiyeni titenge kameneka."

Mwina akanatengadi. Koma mwini sitolo, pofuna kukometsa malonda ake, anawonjezera mawu amene anawononga zonse. Anati kameneka n'kosavuta, ngakhale ana a sukulu a azungu amajambulira. A Namacha anakabweza pakauntala mwamsanga ngati katentha. Iwo, Dyton Namacha, amene anajambulapo mafumu ndi abusa, akaime pamsika wa Lirangwe ndi chidole cha ana? Nanga anthu akadzaona kuti kujambula n'kungodina batani, adzawasiyanitsa bwanji ndi wina aliyense? Anabwerera kwawo ndi mchere, sopo ndi ndalama zawo.

Amene anabweretsa nzeru ina anali Che Bwanali. Anati mwana wa mlongo wawo, Fikirini, wangotsika kumene kuchokera ku migodi, ndipo akadali ku Chileka kwa anzake. Anthu obwera ku Joni ankafika atasenza mawotchi, magalamafoni ndi majekete, koma m'thumba muli mbee, ndiye ankayamba kugulitsa katunduyo asanaone ndi denga la kwawo lomwe. Fikirini anali ndi kamera, ndipo malinga ndi amene anaiona, kamera yotero ku Nyasalande kuno inali isanapondeko.

A Namacha anapempha mpango uja kwa akazi awo, nati angokaona chabe. A Getrude anawapatsa, akuyang'ana kumbali.

Anapalasa njinga mpaka ku Chileka, n'kumupeza Fikirini pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa mpanda wa waya wa bwalo la ndege. Anthu ankati Chitaganya chabweretsa chitukuko, ndipo pamenepo chitukukocho chinkaoneka ndithu: chinkatera, kumwa mafuta, n'kunyamukanso kupita ku Halale, eni dziko akuchibayibitsa kuseri kwa waya. Fikirini anali atavala chipewa cha nthenga ndi nsapato zamitundu iwiri. Atamva kuti a Namacha atumidwa ndi amalume ake, anatsegula chikwama chachikopa pang'onopang'ono, ngati akuvundukula mwana wakhanda.

Kamerayo inali yachitsulo, yotuwa, yolemera bwino m'manja, yokhala ndi manambala mozungulira diso lake ndi kiyi m'mbali ngati wa wotchi yapakhoma. Fikirini anapukusa kiyiyo, n'kudina. Chinthucho chinayamba kulira ngati nyenje ya m'chilimwe. Anthu amene anali pafupi anasiya zimene ankachita n'kusendera.

"Madala, izi zanu zojambula munthu atauma ngati mtembo zinatha," anatero Fikirini. "Iyi ndi ya kanema. Imagwira munthu akuyenda, akuseka, akutafuna. Anandipatsa bwana wanga wa kumgodi, chifukwa chondikonda."

Aliyense wotsika ndege ya ku Joni anali ndi bwana womukonda, ndipo a Namacha sanafunse zambiri. Kanema anali atamuonapo kamodzi, pamene galimoto ya boma inabwera pa Lirangwe kudzaonetsa anthu, amene analima chibadwire, kalimidwe ka mizere. Anakumbukira mmene khamu lonse linakhalira kukamwa yasa. Tsopano chinthu chopangira zodabwitsa zimenezo chinali m'manja mwawo, ndipo anthu anali atawazungulira kale.

Anafunsa za filimu. Fikirini anatulutsa kabokosi kamodzi kosatsegula, n'kuwaonetsa kaikidwe kake, ndi katembenuzidwe kake ikafika pakati. Anafunsa kotsukira.

"Musavutike ndi mankhwala anu aja. Mukatha mumangoika mu envulopu iyi, n'kuponya ku positi. Amakatsuka ku Joni, n'kukutumizirani."

Mtengo umene Fikirini anatchula unali wa mbuzi zinayi. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo mtengowo unatsika n'kudzaima ndendende pa zimene zinali pampango, chinthu chimene a Namacha anachiona ngati chizindikiro chochokera kumwamba. Funso lakuti kanemayo akabwera adzamuonera pa chiyani linawafikira ali panjinga, atadutsa kale pa Lunzu. Analikankhira kumbali, poti msewu unali wa mabampu ndipo munthu sangaganize zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Kunyumba a Getrude anaizungulira kamerayo ili patebulo, manja ali kumbuyo.

"Ndiye imatulutsa zithunzi za zitupa?"

"Mayi a Lily, zitupa n'za anthu osaona patali."

"Chabwino. Nanga oona patali amadya chiyani?"

A Namacha anapukusa kiyi, kamera n'kulira, ndipo anaona kuti limenelo linali yankho lokwanira.

Mwayi woionetsa sunachedwe. A Zakeyo, mkulu wa mpingo wa ku Chigaru, ankakwatitsa mwana wawo Christobel kwa mnyamata wina waulemu dzina lake Wilkins. A Zakeyo anali munthu wodzichepetsa, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense akudziwa zimenezo. Atamva za kamera ya kanema anabwera okha pakhonde la Che Bwanali, nati iwo za dziko lapansi alibe nazo ntchito, koma ngati ukwati woyamba kujambulidwa pa kanema m'dera lonselo uyenera kukhala wa munthu wina, kuli bwino ukhale wa banja loopa Mulungu.

Pa tsiku la ukwati a Namacha anavala jekete ngakhale kunkatentha, kamera ili pachifuwa. Anthu potuluka m'tchalitchi ankayang'ana iwo kuposa mkwatibwi. Panali nthungululu, amayi akuvina chobwerera m'mbuyo kutsogolo kwa akwati, ana akuthamangathamanga, mpunga ukuwazidwa. A Namacha sanajambule zimenezo. Filimu inali imodzi, ndipo sakanaitayira pa chipwirikiti. Anadikira mpaka anthu atafika kunyumba, n'kuwandandalika bwinobwino kutsogolo kwa nkhokwe: akwati pakati, makolo m'mbali, ankhoswe kumbuyo, ana pansi. Kenaka anapukusa kiyi, n'kuika diso pa kamera, ndipo pakamwa pawo panatuluka mawu amene panazolowera kwa zaka khumi ndi zisanu.

"Musagwedezeke. Musapume. Musaphethire."

Anthu a ku Chigaru ankadziwa kujambulitsa. Anauma gwa. Kamera inalira, n'kuima, a Namacha n'kupukusanso, n'kuliranso. Filimu itafika pakati anakagwada pamthunzi n'kudzifunditsa nsalu yakuda ija kuti aitembenuze, ndipo poti palibe anawauza kuti apume, anthuwo anangoimabe chilili padzuwa. Pamene filimu inkatha, azakhali ena anali atayamba kuona chizungulire. Magule atayamba, mkwati akuvina mpaka fumbi kobo, kamera inali itabwerera kale m'chikwama, ndipo mwini wake ankadya nkhuku.

Envulopu inapita ku positi Lolemba. Kenaka kunali kudikira.

Mwezi unatha. Wilkins, amene ukwati unamudyera zonse, analembetsa ulendo wa kumigodi, ndipo chithunzi cha chitupa chake anakajambulitsa ku Blantyre, poti chibokosi chakale chija chinali chitagwa pa mpini wake n'kusweka diso. Amuna ena ankabwera pakhonde la Che Bwanali, n'kupeza a Namacha akupukuta kamera ya kanema ndi kansalu, n'kubwerera. A Zakeyo ankadutsa Lachisanu lililonse kudzafunsa, mwaulemu umene unkacheperachepera sabata ndi sabata.

A Getrude sanakangane ndi munthu. Anapula nandolo wawo wa m'munda wa kuseri, n'kukagulitsa, ndipo m'mawa wina anakwera basi okha. Pobwera madzulo anaika kabokosi kakuda kaja patebulo, pambali pa kamera yonyezimira.

"Mwagulira Lily chidole?" anafunsa a Namacha.

"Ndagulira m'mimba mwanu."

Tsiku la msika a Getrude anapachika bulangete lija pakhoma la Che Bwanali, n'kuima ndi kabokosi kawo pamimba. Amuna oyamba anakayika. Kujambulidwa ndi munthu wamkazi, wopanda ndi nsalu yomwe, kunkaoneka ngati kutaya ndalama. Koma ulendo wa ku Blantyre unali wodula kuposa manyazi, ndiye anakhala pampando. Kutsuka a Getrude sankadziwa, choncho a Namacha anavomera kuwathandiza, atafotokoza momveka kuti akungochita chifundo. Anatseka mazenera a kachipinda kawo ndi mabulangete, n'kusakaniza mankhwala awo, ndipo zimene zinatuluka m'mbalemo zinawakhumudwitsa kwambiri. Zithunzizo zinali zoyera bwino. Wadazi ankaoneka dazi lake, wa chipsera chipsera chake. Kalaliki wa kuboma sanabweze ngakhale mmodzi.

Phukusi la ku Joni linafika patatha miyezi itatu. A Namacha anatumiza uthenga ku Chigaru asanalitsegule, ndipo a Zakeyo anabwera ndi akazi awo, Christobel, ankhoswe ndi anthu ena amene anangotsatira. Onse anaunjikana pakhonde. M'phukusimo munali kagudumu kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, kokulungidwa ndi kalamba kakuda kopyapyala.

A Namacha anafunyulula kalambako n'kukaloza kudzuwa. A Zakeyo anasendera, n'kutsinzina diso limodzi.

"Mwana wanga ali pati?"

"Apa. Pakatipa."

"Apa ndikuonapo nsabwe."

Che Bwanali anabwereketsa mandala awo olowetsera ulusi pa singano. Mandalawo anayenda m'manja mwa anthu onse, ndipo aliyense anavomereza kuti pali tinthu tina tooneka ngati anthu, tofanana kuyambira kumayambiriro kwa lamba mpaka kumapeto. Mayi a Christobel anafunsa kuti nanga pakhoma apachika chiyani. A Namacha anafotokoza kuti kanema sapachikidwa, amafuna makina ake oonetsera, ndi magetsi. A Zakeyo anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ana kumunsi, ngati akufunafuna magetsi pa Lirangwe, kenaka ananena kuti iwo ndi munthu wopirira, koma ngakhale kupirira kuli ndi mpanda wake.

Amene anawapulumutsa anali a Getrude omwewo. Mchimwene wawo Chisoni anali khukhi wa mzungu wina wa ku Chileka, wogwira ntchito yoyeza nyengo pa bwalo la ndege, ndipo mzunguyo anali ndi makina otero, oonetsera ana ake zithunzi za kwawo. Chisoni anapempha, bwanayo n'kuvomera: Lamlungu masana, m'galaja, anthu asanu okha, olowera kuseri. Anafika anthu makumi awiri ndi atatu, onse atavala za kutchalitchi.

Mzunguyo anali munthu wamtali, wofatsa, wosadziwa kukana. Anatulutsa galimoto yake, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma, n'kutseka zitseko. Anthu anakhala pansi mothithikana, fungo la petulo lili guu. A Namacha anakhala kutsogolo pa chitini, manja atapinda pachifuwa. Makina anayamba kulira, kuwala kunagwa pansalu, ndipo mwadzidzidzi Chigaru yense anali pakhoma: nkhokwe, mtengo wa papaya, akwati, a Zakeyo ndi tayi wawo, aakulu ngati anthu enieni, ndi mitundu ya zovala zawo yomwe. Anthu anapumira m'mwamba. A Namacha anayang'ana anthuwo monyadira.

Kenaka anadikira kuti anthu a pakhomawo ayambe kuyenda.

Sanayende. Anaima ndwii, maso tuzu, manja m'mbali. Mphindi imodzi inatha. Mzungu uja anawerama n'kuyang'ana makina ake, n'kuwagogoda pang'ono ndi chala, n'kufunsa Chisoni chinachake m'Chingerezi.

"Akuti kodi chagwira, kapena anthuwa ndi mmene alili?" anamasulira Chisoni.

Funsolo linayankhidwa ndi galu. Anatulukira kumanzere kwa nsalu, wofiira, wowonda, n'kudutsa kutsogolo kwa akwati mosafulumira, n'kukhala pansi pafupi ndi nsapato za a Zakeyo, n'kuyamba kudzikanda khutu ndi mwendo wakumbuyo. Anadzikanda mofatsa, mwaluso, kwa nthawi yaitali. M'galajamo wina anayamba kuseka chamumtima, mnzake n'kulephera kudzigwira, mpaka onse anagwa nacho chiseko. Amene sanaseke anali awiri: a Zakeyo, amene ankaona ukwati woyamba wa pa kanema m'dera lonselo ukusanduka mbiri ya galu wa eni ake, ndi a Namacha, amene ankayang'ana pansi, akulakalaka nsalu yawo yakuda ija.

Christobel nayenso sankaseka kwenikweni. Filimu itatha, zitseko zisanatsegulidwe, analankhula motsitsa kwa Chisoni.

"Amalume, apempheni abwereze."

Mzunguyo anabwezera kalamba kaja, n'kuyambanso. Ulendo uno Christobel anadzuka n'kukaima pafupi ndi nsalu, n'kuloza pansi, pamene panali manja a akwati. Anthu anasiya kuyang'ana galu. Wilkins anali ataima gwa monga anauzidwira, nkhope kutsogolo ngati msilikali, koma chala chake chaching'ono chinkayenda pang'onopang'ono, chikufufuza, mpaka chinapeza chala cha mkazi wake n'kuchikola. Pakamwa pa Christobel wa pakhomayo panagwedezeka pang'ono, akulimbana ndi kumwetulira. Zinali zomwezo basi. Mwamunayo anali atatha miyezi iwiri pansi pa nthaka ya ku Joni, ndipo kalata yake inali itabwera imodzi yokha.

Mayi a Christobel anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Mzunguyo, osapemphedwa ndi munthu, anabwerezanso kachitatu.

Panjira yobwerera a Namacha anayamba kutsokomola mokonza kukhosi, ndipo asanafike pa Lunzu anali atafotokozera aliyense kuti anaimika anthuwo dala. Anati m'chipwirikiti chala chimenecho sichikanaoneka, ndipo wojambula weniweni amadziwa chimene akusaka. A Getrude, amene anakhala pakaliyala, anangoti, "Yang'anani kutsogolo, bambo a Lily, kuli dzenje."

Mbiri imene inafika m'midzi sinali ya galu, kapena ya anthu ouma. Inali yakuti ukwati wa mwana wa a Zakeyo unaonetsedwa pakhoma kunyumba ya mzungu, katatu, mzunguyo akuyendetsa yekha makina. A Zakeyo, ataona mmene nkhaniyo ikuyendera, anaiwala mpanda wa kupirira kwawo n'kuyamba kuifotokoza okha, modzichepetsa, kwa aliyense wokumana naye. Kagudumu kaja Christobel anakakulunga m'kansalu n'kukaika pansi pa sutukesi.

Posakhalitsa makolo ena anayamba kubwera pakhonde la Che Bwanali kudzapempha kamera yolira pa maukwati a ana awo. A Namacha anakafunsa mtengo wa filimu ina pa kazenera kam'mbali kaja, n'kubwerako atatsimikiza kuti filimu ya kanema ndi chinthu chogula kamodzi pa moyo wa munthu. Anawauza makolowo zoona, poti bodza limeneli likanawatsata mpaka kunyumba: filimu palibe, ndipo sipadzakhala chilichonse choonera.

"Ife tikufuna ibwere idzalire," anayankha bambo wina wa ku Matindi. "Akuchimuna akuchokera ku Blantyre. Asatione ngati ndife anthu wamba."

Choncho kwa zaka zinayi a Namacha ankayenda m'maukwati ndi jekete lawo, akupukusa kiyi, akuloza kamera yopanda kanthu kwa anthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti ilibe kanthu, koma ankakonza makolala awo ikawayang'ana. Ankawapatsa mpando wakutsogolo ndi chiwindi cha mbuzi. Kumbuyo kwawo kunkabwera a Getrude ndi kabokosi kakuda pamimba, osaonedwa ndi munthu, akudina batani lawo, ndipo zithunzi zonse za maukwati a zaka zimenezo zimene zinapachikidwa m'nyumba za ku Lirangwe zinatuluka m'kabokosi kameneko.

Sipuling'i ya kamera yolira inaduka pa ukwati wina cha kumapeto kwa Chitaganya, kwaya ili pakati pa nyimbo. A Namacha anamva kuti thapu m'manja mwawo, kiyi n'kumangozungulira yekha. Sanatsitse kamerayo. Anaigwirabe padiso mpaka nyimbo inatha, akutembenuka pang'onopang'ono kuchokera kwa akwati kupita kwa makolo, ndipo palibe anazindikira. Atafika kunyumba anayesa kuitsegula ndi mpeni, tizitsulo tina n'kugwera m'ming'alu ya pansi. Che Bwanali anaiyang'ana, nati makina osokera akanatha kuwakonza, koma ichi n'chofunika bwana wachikondi uja wa kumgodi.

Kuyambira pamenepo, tsiku la msika a Namacha ankapezeka pakhonde pomwepo. Khoma la Che Bwanali linali litayamba kugumuka moti msomali sunkagwiranso, ndiye pankafunika munthu wamtali woti azigwira bulangete kumbuyo kwa wojambulidwa. Ankaima kuseri kwake, manja m'mwamba, kumangooneka zala ndi nsapato. Mlendo akafunsa kuti mwini ntchitoyi ndani, mawu ankachokera kuseri kwa bulangete, ofotokoza kuti mwini wake ndi iwowo, ndipo mayiwa ndi wophunzira wawo, akuyesetsa ndithu, mwina chaka chamawa adzakhala atadziwa.

"Kwezani kumanzereko, aphunzitsi," ankatero a Getrude, diso lili pa kagalasi. "Dazi lanu likulowa m'chitupa cha eni ake."